Kufufuta Kapena Kudzaza: Mawu a Ntchito ya Kenero

Msodzi wa ku Makawa kapena wogula usipa ku Monkey Bay akayatsa lamya yake ya Android, chimene chimayendetsa zonse mkatimo ndi kenero ya Linux, imene Linus Torvalds adayamba kulemba mu 1991. Kenero ndiyo phata la makinawo. Ndiyo imagawira pulogalamu iliyonse malo ogwirirapo ntchito, otchedwa memoli, ndipo pa mawu amenewa ndi pamene omasulira ambiri apunthwa.

Ena alemba "chikumbumtima", ena "chikumbutso". Chikumbumtima chimatsutsa munthu akalakwa, chikumbutso chimakumbutsa zakale, koma memoli siichita chilichonse mwa ziwirizi. Ili ngati thandala loyanikapo usipa: wa lero ukayanulidwa, pamayalidwa wa mawa. Mawu akuti "nkhokwe" asungidwire disiki, imene imasunga zinthu ngakhale makina atazimitsidwa.

Cholakwa chachikulu chili pa mneni. Kenero imagawa memoli m'masamba, kawirikawiri a mabayiti 4,096. Isanapereke tsamba kwa pulogalamu ina, imalemba ziro pa bayiti iliyonse kuti zotsalira za pulogalamu yoyamba, monga nambala yachinsinsi yotumizira ndalama pa lamya, zisawerengedwe ndi mlendo. Omasulira amatcha ntchitoyi "kufufuta", ndipo wophunzira amaganiza za bolodi la m'kalasi lotsala lopanda kanthu. Bayiti siikhala yopanda kanthu. Nthawi zonse imakhala ndi nambala, kuyambira 0 mpaka 255. Kachigawo ka pulogalamu kotchedwa memset kamauzidwa zinthu zitatu: poyambira, nambala yolemba, ndi kuchuluka kwa mabayiti. Tsiku limene nambalayo idzakhala 255, mphunzitsi wa "kufufuta" adzasowa chonena. Mneni woyenera ndi "kudzaza". Wofuna fanizo atenge kuzira nyumba, pakuti mayi wozira sachotsa dothi lakale, amangolikuta ndi latsopano. Kufanana kwa "kuzira" ndi "ziro" n'kwangozi, koma mwana wa sukulu kungamuthandize.

Kudzazaku kumachitika kambirimbiri, choncho kumalembedwa m'chilankhulo cha asembule, choyandikana kwambiri ndi makina. Pa purosesa za Intel pali lamulo lakuti rep stosb: nambala imaikidwa m'kachipinda kotchedwa AL, poyambira mu RDI, kuchuluka mu RCX, ndipo purosesa imabwereza kulemba mpaka chiwerengerocho chitatha. Kale lamuloli linkachedwa, motero akatswiri ankalemba mabayiti 8 pakamodzi, kufikira Intel idalifulumizitsa m'mapurosesa a Ivy Bridge mu 2012. Lamya za Android zambiri zili ndi purosesa za ARM, ndipo za mabiti 64 zili ndi lamulo la DC ZVA, lolemba maziro pa chigawo chonse nthawi imodzi. Apanso n'kulemba ndithu. Mayina a malamulowa asasinthidwe kalembedwe, chifukwa makina salandira dzina lolakwika ndi lemba limodzi lomwe.

Mawu obwereka okha ndiwo atsate malamulo a kalembedwe amene Bungwe la Chichewa lidasiya: r amatsata e ndi i, l amatsata a, o ndi u. Pakamwa kusiyanaku sikumveka kwenikweni, koma papepala akonzi alembe "memoli" osati "memori", "kenero" osati "kenelo". Mawu akuti "ziro" ali bwino momwe alili.