Tonse tikufuna kukhala Izeki, nanga Jakobo akhale ndani?

Anthu akamakumbukira Izeki ndi Jakobo, dzina limene limabwera msanga pakamwa ndi la Izeki. Sizodabwitsa. John Nyanga ndiye ankaponya mawu amene m'mawa mwake munkawamva m'minibasi ndi pamsika. Koma ine lero ndikufuna kuikira kumbuyo Eric Mabedi, chifukwa ntchito imene ankagwira ija ndi imene ikusowa kwambiri m'nthabwala zimene tikuonera pafoni masiku ano.

Ntchito yake inali yotani? Kufunsa, kudabwa, kupsa mtima pang'ono, n'kufunsanso. Jakobo ankaoneka ngati munthu wodziwa mmene zinthu ziyenera kuyendera, Izeki n'kubwera ndi maganizo okhota. Jakobo akati awongole, mnzakeyo ankakhotetsanso, koma mokhota momwemo munkakhala kanzeru kena koti wanzeru uja ankasowa nako choyankha. Phwete silinkachokera pa chiganizo chimodzi ayi. Linkakula pang'onopang'ono, uku wina akukoka, wina akukana, mpaka nthiti kuwawa. Mukachotsa Jakobo mutsala ndi munthu wongobwebweta yekha. Nyanga anamwalira mu 2016, Mabedi mu 2021, ndipo ofuna kulowa m'malo mwa Izeki ndi ambirimbiri. Wofuna kukhala Jakobo ndiye sindikumuona.

Kaseketsedwe ka anthu awirika sikanayambire pansanja. Wokamba nthano akati "padangokhala" amadikira kaye kuti mumuyankhe kuti muli tonse, apo ayi nthano siyenda. Msuweni wako ukhoza kumunena kuti mutu ngati dzungu, iye n'kukubwezera zoposa pamenepo, palibe wopita kwa amfumu. Adzukulu pamaliro amatha kuchita nthabwala pakati pa anthu olira, anamfedwa osakwiya, poti aliyense akudziwa kuti udindo wawo umawalola. Ngakhale kubwalo la Gule Wamkulu, Simoni ndi nkhope yake yofiira ija amanyogodola mlendo ndi makhalidwe ake, ng'oma ndi amayi oyimba akumuyankha. Monsemu muli zinthu ziwiri: pali woyankha, komanso pali chilolezo. Wosekedwayo ali m'masewero momwemo, naye ali ndi pakamwa.

Sitandapu, ija munthu amaima yekha ndi maikolofoni, poyamba imaoneka ngati yataya zonsezi. Koma onerani bwino Daliso Chaponda, yemwe anathera pa nambala 3 pa mpikisano wa Britain's Got Talent mu 2017. Jakobo wake ndi anthu a muholo. Amawatsogolera kuti aganize chinthu china, iwo n'kuvomera mumtima, kenako amawakhotera. Amadziwa poima, amadziwa podikira. Ndipo taonani amene amawaseka: iye mwini, komanso Azungu amene akhala patsogolo pake ndi zimene amaganiza za Africa. Akunena eni holo, eni dziko, iwo akuombera m'manja. Chimenechi ndi chisuweni ndithu, kungoti chili m'Chingerezi.

Vuto langa ndi masitandapu ena amene timaona pa zochitika za kumudzi kuno. Munthu amakwera pansanja atanyamula nthabwala khumi zimene tonse tinaziwerenga kale pa WhatsApp, n'kumazitula imodziimodzi ngati akuwerenga mndandanda wa zogula. Akaona kuti anthu ali duu, amathawira kokhakokha: kuyerekeza kalankhulidwe ka Mlomwe, ka Mtumbuka, ka Msena. Anthu amasekadi, sindikukana. Koma kuseka kwake n'kwa ulesi. Palibe chimene walemba, wangobwereka lilime la mnzake.

Za masewero ophunzitsa sindichulukitsa. Tikuferanji inakhalitsa chifukwa Manganya anali munthu weniweni, wamakani, wolakwitsa zinthu, phunziro n'kumabwera chakumbuyo. Masewero ambiri olipiridwa ndi mabungwe amachita zosiyana: uthenga umakhala pampando wakutsogolo, nthabwala ili kudenga ndi katundu. Ukangomva wosewera wayamba kulankhula ngati kapepala ka kuchipatala, dziwa kuti kuseka kwatha. (Kuti Michael Usi anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, ndiponso kuti Bon Kalindo, Winiko uja, analowa ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Tsopano tifike pa zathu zenizeni, timavidiyo ta pa Facebook ndi TikTok. Zabwino zilipo, ndipo n'zazikulu. Sufunikanso kulipira holo kapena kupempha mpata kuwailesi. Atsikana amene kale akanangopatsidwa mbali ya mkazi wolalata alowa okha, akudzilembera okha. Ndimagoma ndi amene amasewera anthu atatu ali yekha, chitenje kumutu ndi mayi, chipewa ndi bambo, chifukwa ameneyo wamvetsa kuti nthabwala imafuna woyankha, ndiye wadzipangira Jakobo ndi kamera.

Koma bandulo ndi yodula, chala chathu n'chosaleza mtima. Kavidiyo kakapanda kukugwira msangamsanga, wadutsa. Ndiye nthawi yokoka chingwe ija palibe, ndipo njira yachidule ndi kupeza munthu woti anthu amuseke pongomuona: wakumudzi amene wasokonezeka ndi mumzinda, mtsikana wantchito wosadziwa kuyatsa mbaula yamagetsi, mayi wonenepa, wachibwibwi. Wina anena kuti Izeki nayenso ankasewera ngati mbuli. Zoona aise, koma mbuli imeneyo inkapambana. Amene ankatsala kukamwa kuli yasa anali wanzeru uja, ndipo ife osauka tinkabwerera kunyumba titabwezera. M'timavidiyo tambiri mbuli imangokhala mbuli kuyambira poyamba mpaka pothera, oseka n'kukhala ife a mafoni abwino.

Zimene zimandinyansa kwambiri ndi zija amati ma prank. Mnyamata amatenga tomato wa mayi pamsika n'kuyamba kuthawa, kapena amauza wakabaza kuti alibe ndalama atamupalasitsa mtunda wonse, mnzake akujambula chapatali. Pomaliza amaloza kamera, amapereka kandalama, mayi uja n'kuseka mwamanyazi. Aseke bwanji osaseka, anthu amuzungulira. Koma mayiyo si msuweni wa mnyamatayo. Sanavomere kulowa m'sewero, sanapatsidwe mpata wobwezera, ndipo mantha amene anali pankhope pake sanali ochita kusewera: mumtima amawerengera mpamba wake. Kavidiyoko kadzaonedwa ndi anthu masauzande, pansi pake padzakhala dzina la mnyamatayo ndi nambala yoti amalonda amuimbirepo. Mayi uja mwina alibe n'komwe foni yoti adzadzionerepo.