Tinyama Titatu ta pa Gome

M'caka ca 2003 Stephen Levinson, katswiri wa zinenero wa ku Nijmegen m'dziko la Holland, anatulutsa buku lochedwa Space in Language and Cognition. Cimene afuna kutsimikiza m'menemo ndi ici: kuti monga anthu anena za malo, momwemonso akumbukira malowo mumtima mwao.

Umboni wace ngwokoma. A Guugu Yimithirr a ku Hopevale m'dziko la Australia, amene makolo ao anaphunzitsa Captain Cook dzina la kangaroo m'1770, salangiza cinthu ndi manja kapena manzere. Ati ciri kumpoto, kumwera, kum'mawa kapena kumadzulo, cingakhale cikho ca pafupi. A Tzeltal a ku Tenejapa, ku Mexico, ati kumtunda ndi kunsi, pakuti dziko lao litsetsereka kuloza kumpoto. Tsono anthu anayesedwa motere: munthu aona tinyama titatu ta zidole tondandalikidwa pa gome, natembenuka kupenya kumbuyo, nauzidwa kutiikanso pa gome lina monga tinaliri. A ku Holland anatsata dzanja: koloza kumanzere kanalozanso kumanzere. A Tzeltal ambiri anatsata dziko: koloza kunsi kanalozabe kunsi.

Kufikira apa ndibvomera. Koma pamene Levinson ati cinenero ndico cacita ici, mtima wanga ukayika. Anthu a Tenejapa anabadwira pa phiri lomwelo limene linawapatsa mauwo, ndipo gome silingathe kulekanitsa phiri ndi mau. Peggy Li ndi Lila Gleitman analemba m'2002 kuti ophunzira olankhula Cingerezi ku Pennsylvania, poyesedwa panja pooneka nyumba ndi mitengo, anaculuka otsata dziko. Levinson ndi anzace anatsutsa kayesedwe kameneko, ndipo mlanduwo ukali kukambidwa.

Ife eni tiri nayo mboni m'kamwa mwathu. Mpoto ndi mwera ndi maina a mphepo za pa nyanja ya Malawi, zimene msodzi azimva m'thupi mwace. Kum'mawa ndi kumadzulo tatenga ku dzuwa. Ndipo munthu amene kumudzi auza mlendo kuti tsikirani kudambo, manda muwasiye kumtunda, yemweyo atafika m'miseu ya Lusaka ati khotani kumanzere, cinenero cace cosasintha. Munthu wotereyu ndikadakonda kumuona ataima pakati pa magome awiri aja.