Za Kujambula Kadzidzi ndi Kukonza Cithunzi Cace

Masiku ano zithunzi za mbalame zacuruka m'manja mwa anthu. Kale munthu wa kuno ku Nkhamenya akafuna kuona mbalame yojambulidwa, anayenera kubwereka buku kwa mphunzitsi, kapena kuyang'ana pa kalendala wopacikidwa m'sitolo. Koma lero mnyamata ali yense wokhala ndi foni angathe kuziona zambirimbiri nsima ya madzulo isanapse. Mwa zonsezo ndifuna tilingalire za mbalame imodzi yokha, ndiyo kadzidzi. Pakuti palibe mbalame yina imene anthu athu ainenera zoipa monga iyi, ndipo cotero palibe yina yosowa mboni yoona koposa iyo.

Zithunzi za kadzidzi zofika kwa ife ziri za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ucokera ku maiko ozizira. Tionamo kadzidzi woyera mbuu, wa maso acikasu, atakhala pa cipale cofewa cimene cikuta minda ya kumeneko. Kwao kwa mbalameyo ndi ku Arctic, kumpoto kweni kweni kwa dziko lapansi. Ndipo cisanu cikakula, ena atsikira ku Canada ndi kumpoto kwa United States, kumene ojambula awadikira. Kukongola kwa zithunzizo sindikukana konse. Koma mukaona kadzidzi alikuuluka molunjika pa inu, mapiko otambasula, zala zace zokonzeka kugwira, muyenera kufunsa kuti, Nanga alikuthamangira ciani? Pakuti alipo ojambula ena amene agula mbewa zamoyo m'sitolo, naziponya pa cipale patsogolo pa kamera. Ndipo pambuyo pace afafaniza mbewayo pa kompyuta, kuti ife tiyese mbalame inabwera yokha. Kadzidzi wozolowera kudyetsedwa cotero aleka kuopa anthu, nayamba kusendera ku miseu, kumene magalimoto amgunda. Cifukwa cace bungwe la Audubon la ku America silandira zithunzi za kadzidzi wonyengedwa ndi nyambo pa mpikisano wace.

Mtundu waciwiri ndi wathu, ndipo ndiwo undidetsa nkhawa koposa. Munthu apeza kadzidzi usiku pa denga, kapena anyamata amgwetsa ndi legeni nammanga miyendo. Wina atulutsa foni, najambula ndi kuwala kuja kong'anima ngati mphezi. Ndipo pofika m'mawa cithunzi cayenda pa WhatsApp midzi yonse, ndi mau akuti, Taonani mthenga wa afiti. M'cithunzimo maso a mbalame ali psuu ngati makala a moto, ndipo ena aonjezera dala kufiirako, nadetsa malo ozungulira, kuti anzao acite mantha bwino.

Tsono mverani, abale. Kufiira kumeneko sikwa kadzidzi ai, ndi kwa kamera. Usiku mwana wa diso atseguka kwambiri kuti alandire kuwala kocepa komwe kulipo. Kamera ikang'anima, kuwala kwace kulowa mpaka kuseri kwa diso, kumene kuli timitsempha ta mwazi tambiri, ndipo kubwerera kutatenga maonekedwe a mwaziwo. Zomwezo zicitika ndi maso a mwana wanu mukamjambula mumdima, ndipo palibe amucha mfiti. Kadzidzi wa nkhope yoyera yonga mtima, wokonda kugona m'zigafa ndi m'madenga a nyumba za sukulu, ali ndi maso akuda bii. Wamkuru uja wa mawanga, wa nthenga zoimirira pamutu ngati nyanga, maso ace ndi acikasu. Ndipo wamkuru woposa onse, wokhala m'mitengo itali-itali ya m'mphepete mwa mitsinje, ali ndi maso akuda ndi zikope zofiirira pang'ono, zimene muziona akamaodzera usana. M'Malawi muli mitundu 12 ya akadzidzi, koma pa foni onse asandulika cirombo cimodzi ca maso a moto.

Ici si cinthu cacing'ono. M'caka ca 1997 Heimo Mikkola, katswiri wa akadzidzi wa ku Finland amene anakhala kuno, anasindikiza zimene anapeza pofunsa anthu a m'Malawi. Ndipo oposa 90 mwa anthu 100 ali onse anati kadzidzi ndi wa tsoka, wa ufiti, kapena wa imfa. Mlandu wa mbalameyi unaweruzidwa kale m'mitima ya anthu. Cithunzi ca maso ofiira cingobwera monga mboni yogulidwa, yodzatsimikiza zimene bwalo lifuna kumva.

Nanga cithunzi cabwino cipezeka bwanji? Oyamba nchito imeneyi anaipeza ndi cipiriro. Richard Kearton ndi mphwace Cherry, a ku England, anatulutsa buku lao la zisa za mbalame, British Birds' Nests, m'caka ca 1895, lokhala ndi zithunzi za kamera zokha zokha. Pofuna kufika pafupi osaopsa mbalame, anakonza cikopa ca ng'ombe nacimika m'munda monga ng'ombe yamoyo, mmodzi nalowa m'kati mwace ndi kamera. Wina adzati, Kodi si cinyengo cimeneco? Inde, koma lingalirani wonyengedwa ndani. Iwo ananyenga mbalame kuti ikhale monga ikhalira masiku onse, ndipo ife tinaona zoona. Koma woponya mbewa asintha makhalidwe a mbalame, nanyenga ife oona. Eric Hosking, Mngelezi mnzao, anataya diso lace lamanzere m'caka ca 1937 ku Wales, pamene kadzidzi wa pa cisa cimene analikujambula anamkwapula kumaso ndi zala. Sanaisungira mbalameyo cakukhosi. Anajambulabe akadzidzi zaka zambiri, ndipo buku la moyo wace, la m'caka ca 1970, analicha An Eye for a Bird. Phunziro lace kwa anyamata athu liri poyera: cisa ca kadzidzi asaciyandikire, ndipo nkhope yao asailowetse m'phanga la mtengo.

Kuno cipale cofewa tiribe, koma cisanu tiri naco, ndipo ndinena kuti miyezi ya Juni ndi Julaye ndiyo nthawi yokoma ya nchitoyi. Fodya wacoka m'zigafa kunka ku msika wa Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndipo zigafa zatsala zopanda kanthu, za zii. Cimanga ciri m'nkhokwe, makoswe nacitsata. M'minda mapesi agwa, udzu wauma, mbewa ziyenda poyera. Ndipo ngati anyamata okumba mbewa ali ndi cifukwa ndi kadzidzi, cifukwa cace ndi ici cokha, cakuti alimbirana naye ndiwo imodzi. Wofuna kujambula ayambe ndi kuyang'ana pansi. Kadzidzi ameza khoswe wathunthu, ndipo pambuyo pace alavula ubweya ndi mafupa zitaumbika ngati kampira. Mukapeza timipira timeneto pansi pa mtanda wa cigafa kapena pa tsinde la mkuyu, kwezani maso pang'ono pang'ono, mwini wace ali pamwamba. Bwererani m'mamawa kutangoyera, kapena madzulo dzuwa liri pafupi kulowa, pamene kuwala kuli kofatsa ndipo simusowa kung'animitsa kamera. Imani patali. Mbalame ikadziongola nikhala yoonda ngati nthambi, kapena ikayamba kugwedeza mutu ndi kuyang'ana kothawira, mwafika pafupi kopambana muyeso, bwererani m'mbuyo. Ndipo musadabwe poona mutu wace ukutsatani thupi liri cikhalire. Maso a kadzidzi satembenuka m'malo mwace monga athu, koma khosi lace liri ndi mafupa 14, pamene lathu liri ndi 7 okha, ndipo cotero angathe kuyang'ana kumbuyo osasuntha phazi. Mankhwala palibe pamenepo.

Tifike tsono pa kukonza. Sindiri mmodzi wa iwo onena kuti cithunzi cisakhudzidwe konse. Kamera siona monga diso la munthu. M'cigafa muli mdima, ndipo cimene inu munaciona bwino cituluka cakuda. Kuonjezera kuwala kuti nthenga zioneke, kudula m'mphepete kuti mbalame ikhale pabwino, kucotsa kadontho ka pfumbi logwera pa galasi la kamera, zonsezi zifanana ndi kusambitsa mwana popita naye kwa alendo: mwana ali yemweyo. Ojambula akale anacita zomwezo m'cipinda ca mdima ndi mankhwala otsukira, Photoshop isanabwere m'caka ca 1990. Koma kuika cimene panalibe, kapena kucotsa cimene cinalipo, ndi nkhani yina. Pa mpikisano waukuru wa Wildlife Photographer of the Year, woyendetsedwa ndi Natural History Museum ya ku London, ofika kumapeto alamulidwa kuonetsa cithunzi monga cinatulukira m'kamera, kuti oweruza afanizire. Ngakhale cotero ena ayesa mwai. José Luis Rodríguez wa ku Spain anapambana m'caka ca 2009 ndi cithunzi ca mmbulu wolumpha cipata. Koma m'Januwale 2010 analandidwa ulemuwo, oweruza atakhulupirira kuti mmbuluwo unali woweta. M'caka ca 2018 Marcio Cabral wa ku Brazil analandidwanso mphotho, akatswiri atanena kuti nyama yodya ciswe ya m'cithunzi cace inali cikopa coyikamo zinthu. Onse awiri anakana mlandu, koma mphotho sizinabwerere.

Pali colakwa cina cofatsa, cimene ophunzira athu acitengera kwa alendo. Ajambula kadzidzi m'cigafa, ndipo pocita manyazi ndi mitengo yokhota ndi udzu wothothoka, afafaniza zonse, naika kumbuyo maonekedwe osalala a buluu, kapena dzuwa lofiira lobwereka ku cithunzi cina. Kadzidzi atsala wokongola, koma wopanda kwao. Sitidziwanso ngati ali ku Kasungu kapena ku Canada. Kwa ine cigafaco ndico theka la nkhani, ndi pfumbi la Julaye, ndi mcira wa khoswe wolendewera pakamwa pa mbalame. Mlimi woona mcira umenewo adzakumbuka nkhokwe yace, ndipo kapena dzanja lace lidzacedwa kutola mwala.

Ndipo pansi pa cithunzi lembani tsiku ndi dzina la mudzi. Buku lalikuru la mbalame za dziko lathu, The Birds of Malawi, limene Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anatulutsa m'caka ca 2006, lichula mitundu ngati 650, ndi mapu oonetsa kumene mtundu uli wonse upezeka. Mapu amenewo anamangidwa ndi mau a anthu ambiri onena kuti, mbalame yakuti ndinaiona pakuti, tsiku lakuti. Alendo ojambula akonda kunka ku nkhalango ya boma ya Kasungu, kapena ku Liwonde kukafuna kadzidzi wogwira nsomba wa mu mtsinje wa Shire. M'zigafa za pakati pa Nkhamenya ndi Jenda salowamo kawiri kawiri, ndipo okhala nazo pafupi ndi ife.