Pepala la Pakhoma

Kwathu ndi ku Neno, kumapiri kumene nachesi ndi mbatatesi zimachita bwino koma msewu umavuta mvula ikangogwa. Ntchito ndimagwira m'boma, koma ndikafika kumudzi ndimakhala kholo ngati wina aliyense. N'chifukwa chake tsiku lina ndidapezeka pamsonkhano wa makolo pasukulu ina ya pulayimale, pansi pa mtengo wa mango.

Wapampando wa komiti adati ndalama za boma zidabwera ndipo zidagwira ntchito bwino. Tidaomba m'manja. Kenaka gogo wina adaimika mkono nati, "Pepani aHedi ndi inu akuluakulu, ine kusukulu sindidapiteko. Koma njerwa tidaumba ndife, mchenga tidasenza ndife. Nanga simenti mudagula matumba angati, pa mtengo wanji?" Pamalopo padangoti zii. Adawayankha kuti zonse zili m'mabuku, ndipo msonkhano udatha ndi pemphero. Ine, amene ndimadziwa kuwerenga lisiti ndi vocha, ndidangoweramitsa mutu. Manyazi a tsiku limenelo ndiwo andilembetsa nkhani ino.

Funso la gogoyo lili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi kupulayimale, ndipo ana adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chidali chinthu chabwino, koma chidabwera ndi maganizo akuti zaulere safunsa mtengo. Mu 1998 kudabwera ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono. Mu 2003 Neno idapatuka ku Mwanza n'kukhala boma palokha. Tidasangalala kuti tsopano ofesi zayandikira. Komatu makhansala amene adasankhidwa mu 2000 atatha nthawi yawo mu 2005, dziko lidakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Ndiye kuti boma lathu latsopanoli lidakula zaka zisanu ndi zinayi popanda anthu osankhidwa oti aziyang'anira chuma cha kukhonsolo. Mwana woleredwa chotero savuta kuzolowera kuchita zinthu osafunsidwa.

Kuyambira cha m'ma 2010 boma lidayamba kutumiza ndalama zotukulira sukulu molunjika ku akaunti ya sukulu iliyonse, kuti aphunzitsi, komiti, makolo ndi mafumu azigwirizana okha zofunika kugula. Papepala ndondomekoyi ndi yokoma. Vuto lake lili poti malipoti onse amayenda chokwera: kuchoka kwa mphunzitsi wamkulu kupita kwa mlangizi wa zoni, kuchoka apo kupita kuofesi ya maphunziro paboma, mpaka ku Lilongwe. Lipoti lotsikira kwa mwini mwana limangonenedwa pakamwa, ndipo mawu apakamwa amauluka ndi mphepo.

Chinanso n'chakuti komiti zambiri zimasankhidwa poona ulemu wa munthu m'mudzi. Munthu wolemekezekayo akapatsidwa cheke kuti asayine, mabuku ali m'manja mwa aHedi, angakane bwanji? Nayenso kholo amaopa kufunsa kuti mwana wake angamaonedwe ndi diso lofiira m'kalasi, kapena kuti amfumu angamutche wosokoneza chitukuko. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Sindikunena kuti aphunzitsi ndi akuba ayi. Ambiri mwa iwo, kuchokera ku Dambe mpaka ku Lisungwi, amagwira ntchito m'malo ovuta, ndipo ndalama zimene sukulu imalandira ndi zochepa, kawirikawiri zimafika mochedwa mitengo ya zinthu itakwera kale. Koma chinsinsi chimapweteka kwambiri munthu wokhulupirika. Pamene palibe chowerenga, mphekesera ndiyo imalamulira. AHedi akagula njinga ndi malipiro awo, mudzi wonse umati adya za sukulu, ndipo alibe pepala loti liwaikire umboni.

Anzathu a ku Uganda adakumana ndi zotere. Kafukufuku wa zaka za 1991 mpaka 1995 adapeza kuti pa ndalama 100 zilizonse zimene boma linkatumiza kuti zithandize sukulu za pulayimale, pafupifupi 13 zokha ndizo zinkafika. Boma lawo lidayamba kulengeza m'nyuzipepala ndalama zimene latumiza kumaboma, ndi kulamula sukulu kuti zizimata pakhoma zimene zalandira. Pofika 2001 zofika kusukulu zidali pafupifupi 80 pa 100 zilizonse. Panali zifukwa zinanso, koma chachikulu chidali chakuti makolo adadziwa choyenera kufunsa.

Kuno kwathu tidaona mu 2013 momwe mabiliyoni adasowera ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate. Tidakwiya, tidalemba ndakatulo, tidaimba nyimbo. Koma chizolowezi chosafunsa sichiyambira ku likulu. Chimayambira pansi pa mtengo wa mango, pamene anthu amaombera m'manja lipoti lopanda nambala. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kuofesi za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, komabe mlimi wa m'dera la Mlauli kapena Symon sangasiye khasu kuti akalembe kalata yopempha lisiti la choko.

Chimene ndikupempha sichifuna thandizo la kunja. Sukulu iliyonse imate pepala kunja kwa ofesi, lolembedwa m'Chichewa ndi zilembo zazikulu: talandira zakuti, tsiku lakuti, tagula zakuti, kwa uje, pa mtengo wakuti, zatsala zakuti. Zosonkha za makolo zilembedwenso pomwepo. Pamsonkhano mwana wa Sitandade 8 aziwerenga pepalalo mokweza kuti osatha kuwerenga amve. Nayonso khonsolo izimata mndandanda wa sukulu zonse ndi ndalama zimene iliyonse yatumiziridwa, kuti mapepala awiriwo azitsutsana okha ngati pali bodza.

Ife ogwira ntchito m'boma tidazolowera kutsekera mafayilo m'kabati ngati ndi chuma cha makolo athu. Ndalamazo ndi msonkho wa gogo uja, umene amalipira akagula katundu pagolosale. Safunsa adadya phula. Gogo uja adafunsa, koma ife ophunzira ndife tidam'siya yekha. Msonkhano wotsatira ndidzakhala pafupi nawo, cholembera chili m'manja.