Ilire Ng'oma ya Moynihan, Mpukutansapato wa ku New York

Ilire ng'oma! Gunda agunde, mbalule iyankhe, pakuti lero tikutchula a Daniel Patrick Moynihan.

Ndinu Mpukutansapato, wobadwira ku Tulsa pa 16 Malichi 1927, wokulira ku New York. Bambo anu atachoka pakhomo osabwereranso, munanyamula kabokosi ka polishi n'kukagwada pamapazi a anthu ku Times Square. Ndinu Msenzakatundu wa padoko, msilikali wa pamadzi wa 1944, amene buku linakukokerani ku Tufts mpaka ku London. Ilire!

Ndinu Mlangizi wa mafumu anayi a ku America, Kennedy, Johnson, Nixon ndi Ford, zipani ziwiri zolimbana koma zonse zofuna nzeru zanu. Mu 1965 munalemba lipoti losonyeza mmene ulova ndi tsankho zikupasulira mabanja a anthu akuda osauka. Ambiri anakwiya nati mukudzudzula ozunzika, ndipo mkanganowo ukadalipo. Koma inu nyumba yopanda bambo munagonamo, kuzizira kwake munkakudziwa. Ilire!

Ndinu Chimasulangongole, kazembe wa America ku India kuyambira 1973. Dzikolo linali litalemedwa ndi ngongole ya tirigu wa ku America amene anthu anadya m'zaka za njala. Mu 1974 munatambasula dzanja ndi cheke cha marupi oposa 16 biliyoni, mtolo n'kupepuka. Ilire!

Ndinu Mkango wa ku United Nations. Pa 10 Novembala 1975, maiko atagamula kuti Zionism ndi tsankho la mitundu, munaimirira n'kukana pamaso pa onse. Mu 1991 bungwelo linafafaniza lokha chigamulo 3379 chija. Ilire!

Ndinu Kadyansonga wa khosi lalitali, woona kuseri kwa phiri. Anthu a ku New York anakusankhani mu 1976, mutagonjetsa James Buckley, ndipo munakhala mu Senate zaka 24. Ena akunjenjemera ndi zida za Soviet Union, inu mu 1979 munali mutaona kale ming'alu pakati pa mitundu yake. Mu 1991 chimphona chinagwa. Mawu a akulu akoma akagonera. Ilire!

Ndinu Mlonda wa nkhokwe ya okalamba. Mu 1983, thumba la Social Security likuuma, munakhala pansi ndi Bob Dole wa chipani china, nkhokwe n'kupulumuka.

Apa ng'oma itsike, timve bwino. Mu 1996 anzanu ambiri, ngakhale a chipani chanu, anavomereza lamulo lodula thandizo la mabanja osauka. Inu munakana, chifukwa mumaona ana amene adzagone ndi njala. Suti ya ukazembe sinakuiwalitseni kabokosi ka polishi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: mwambiwu munauvotera.

Munatula mpando mu 2001, Hillary Clinton n'kulowa m'malo mwanu. Munatisiya pa 26 Malichi 2003, ndipo mukugona kumanda a ku Arlington. Pa 1 Januwale 2021 anatsegula Moynihan Train Hall, pamene anthu amakwerera sitima mu mzinda womwewo umene munkapukutamo nsapato.

Ilirenso ng'oma, ifike kwa onse okhala pa mipando! Amene mwakwera, kumbukirani kumene munachokera, ndipo mwana wosauka akakutchulani, muyankhe monga anayankhira a Moynihan.