Buku la Dale Carnegie: titolepo ciani, tisiye ciani?

Anzanga ophunzira, munthu amene wadziwa kuwerenga ayenera kudziwanso kupeta zimene wawerenga, monga mai apeta mphale pa licero. Lero tipete buku limodzi.

Dzina lake m'Cipwitikizi ndi Como Fazer Amigos e Influenciar Pessoas. Liphunzitsa njira zopezera abwenzi ndi zokopera anthu. Linatuluka ku America m'caka ca 1936, ndipo lamasuliridwa m'zinenero zambiri.

Analilemba ndi Dale Carnegie. Iye anabadwa mu 1888 ku Missouri, mwana wa mlimi wosauka. Atakula anagwira nchito yoyenda ndi malonda, kugulitsa nyama ndi sopo. Mu 1912 anayamba kuphunzitsa anthu akuluakulu ku New York kulankhula pagulu popanda mantha. Anamwalira mu 1955.

M'bukumo muli mphale yabwino. Carnegie atilangiza kumvetsera mnzathu mpaka atamaliza kulankhula. Atilangiza kuyamikira nchito yabwino ndi mtima woona. Atilangizanso kubvomera msanga pamene talakwa, ndi kusacititsa munthu manyazi pamaso pa anzake.

Ici ine ndinaciphunzira mowawa. Tsiku lina mai wina wacikulire analemba cilembo ca b m'malo mwa d. Ndinakweza pepala lao kuti onse aone, ndipo onse anaseka. Maiwo sanabwerenso milungu itatu. Ndinapita kwao kukapepesa, ndipo anabwerera. Carnegie pamenepa anena zoona: manyazi saphunzitsa munthu, amthamangitsa.

Koma m'bukumo mulinso gaga.

Coyamba, Carnegie afuna kuti tizikumbukira dzina la munthu ndi kumuitana nalo, pakuti munthu akondwa kulimva. Mwina ku New York ziri conco. Kwathu kuno mkamwini sachula dzina la apongozi ake. Wamkulu timuitana ndi mfunda wake, a Phiri kapena a Banda, kapena ndi dzina la mwana wake. Wotsata langizo limeneli osaganiza sapeza abwenzi, apeza mlandu.

Caciwiri, buku lifuna kuti tipewe mtsutso, ndi kuti colakwa ca mnzathu ticikonze mozungulira. Pa zinthu zazing'ono langizo limeneli ndi labwino. Nanga ngati msungicuma wa gulu la alimi wadya ndalama zokonzera mjigo? Tikangomwetulira, mjigo ukhala wakufa, ndipo amai abwerera kukatunga madzi ku dambo. Nkhani yotere iyenera kunenedwa poyera pa msonkhano, mwaulemu koma mosabisa. Makolo athu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Cacitatu ndico cacikulu. Zitsanzo zambiri za m'bukumo ndi za ogulitsa malonda ndi mabwana a makampani. Funso lao ndi lakuti: ndicite ciani kuti munthu uyu acite zimene ine ndifuna? Carnegie mwini acenjeza kuti tisamanyengerere anthu ndi mau osyasyalika. Komabe amene amvetsera mnzake pofuna kumgulitsa kanthu asiyana ndi amene amvetsera cifukwa mnzakeyo ndi munthu. Ife pa maliro, pa dima ndi pa milandu tifunsa funso lina: ticite ciani kuti tonse tikhale bwino?

Ndiponso buku silinena za mabvuto amene kumwetulira sikuwathetsa. Mlimi amene cimanga cake agula pa mtengo wocepa sapulumuka ndi mau okoma. Apulumuka akadziwa kuwerenga sikelo, kuwerengera ndalama zake, ndi kugulitsa pamodzi ndi anzake.

Tsono tisalitaye buku limeneli, tisalimezenso lonse. Titole kumvetsera, kuyamikira ndi kubvomera kulakwa. Zotsalazo tiziyese ndi nzeru za pamudzi pathu.

Tiyeni tikambirane:
1. Kodi munacititsidwapo manyazi pophunzira? Munacita ciani?
2. Ndi colakwa citi coyenera kukonzedwa kumbali, ndipo ndi citi coyenera kunenedwa pa msonkhano?
3. Lembani mau awa m'makope mwanu: buku, mphale, gaga, msonkhano.