BWALO LA ZITHUNZI KU JOHANNESBURG: KODI MWINI NKHOPE ALI KUTI?

M'nyumba zathu zambiri muli chithunzi chopachika pa khoma, kaya cha ukwati wa makolo, kaya cha mwana pa tsiku limene anamaliza sukulu. Anthu a pa zithunzi zoterezi anayamba asamba, navala zovala zawo zabwino, naimirira pamaso pa wojambula mwa kufuna kwawo. Koma ziripo zithunzi za mtundu wina zimene timaziona m'nyuzipepala. Pa izo munthu amajambulidwa pa tsiku la tsoka lake, ali m'misozi kapena m'magazi, popanda womfunsa ngati alola. Mwezi uno, aŵerengi okondedwa, tiyeni tilingalire za nyumba ina imene imaphunzitsa achinyamata ntchito yojambula zithunzi za mtundu wachiŵiriwu, ndipo tiyese pa muyeso zimene imachita.

Nyumbayi dzina lake ndi Market Photo Workshop, ndipo iri ku Newtown mu mzinda wa Johannesburg, uja makolo athu opita ku migodi ankautcha Joni. Anaiyambitsa m'chaka cha 1989 ndi David Goldblatt, katswiri wojambula amene anabadwa mu 1930 namwalira mu 2018. Masiku amenewo ulamuliro wa tsankho unali usanathe, ndipo mwana wa munthu wakuda analibe khomo lapafupi loloŵera ntchito ya kamera. Cholinga cha Goldblatt chinali kutsekula khomolo. Zipatso zake zinaoneka: Zanele Muholi ndi Jodi Bieber, amene lero ndi odziŵika m'maiko ambiri, anaphunzira pamenepa, ndipo mu 2018 nyumbayi inalandira mphoto yaikulu ya Prince Claus yochokera ku Netherlands.

Kupatula maphunziro a m'kalasi, pali zinthu ziŵiri zimene nyumbayi yakhala ikuchita. Choyamba, imaonetsa zithunzi kwa anthu ndi kuwaitana kudzakambirana poyera za zimene zithunzizo zikuulula pa moyo wa dziko. Chachiŵiri, ophunzira utolankhani wa zithunzi imawatumiza kukagwira ntchito kwa kanthaŵi ku nyuzipepala kapena ku mabungwe ena, kuti akaphunzire pochita. Zonse ziŵiri nzoyenera kuyamikidwa, komanso zonse ziŵiri ziri ndi mbuna imene tiyenera kuitchula.

Tiyambe ndi zokambirana. Ena amati chithunzi sichinama, choncho sichifuna mtsutso. Mbiri ya South Africa ikutiphunzitsa zina. Pa 16 June 1976, Sam Nzima wa nyuzipepala ya The World anajambula mnyamata Mbuyisa Makhubu atanyamula Hector Pieterson, mwana wa zaka 12 amene apolisi anamuwombera ku Soweto. Chithunzicho chinagwedeza dziko lonse lapansi, ndipo palibe angakane kuti chinathandiza kufooketsa tsankho. Koma chithunzi chomwecho chinaonetsa nkhope ya Mbuyisa kwa apolisi. Mnyamatayo anathaŵa m'dzikomo, ndipo sanabwererenso kwa amai ake. Nzima nayenso anasiya ntchito chifukwa cha kuopsezedwa. Kodi nkhani yotere munthu angaimalize pongoyang'ana pa khoma? Ai ndithu, ifunika bwalo.

Nkhani zina zikutikhudza ife pafupi. M'mwezi wa May 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ndipo Amalaŵi ambiri anabwerera kwawo pa mabasi, manja ali m'khosi. Chithunzi chimene chinamveka kwambiri chinali cha Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique, amene anatenthedwa wamoyo. Anthu anayamba kumdziŵa monga munthu woyaka moto, dzina lake nkumamveka pambuyo. Mu April 2015, James Oatway anajambula Emmanuel Sithole, nayenso wa ku Mozambique, akubayidwa ku Alexandra. Wojambulayo anamtengera wovulalayo ku chipatala, koma moyo sunapulumuke. Zithunzizo zinathandiza apolisi kugwira achiwembuwo, ndipo khoti linalamula ena mwa iwo kukakhala ku ndende. Komabe anthu ambiri anafunsa chifukwa chimene anayambira kujambula m'malo molanditsa. Mafunso otereŵa alibe yankho limodzi. Nyumba imene imasonkhanitsa ojambula, ophunzira ndi anthu wamba kuti alimbane nawo poyera ikuchita ntchito yofanana ndi ya bwalo la mfumu, pamene mlandu umamveka mbali zonse usanagamulidwe.

Tsono apa ndi pamene pali mbuna yoyamba. Pa bwalo la kumudzi mwini mlandu amakhalapo, ndipo akalephera kubwera amatumiza nkhoswe yake. Nanga pa bwalo la zithunzi? Zokambirana za m'nyumba zotere, ku Johannesburg ngakhalenso kwina, zimakonda kuchitika pakati pa mzinda, m'Chingerezi cha anthu ophunzira. Mlendo wogulitsa tomato m'mbali mwa mseu, amene amaopa kufunsidwa mapepala, sangaloŵe wamba m'chipinda chotero. Mai wamasiye amene mwamuna wake ali pa chithunzicho mwina ali kutali kumudzi. Zikatero anthu abwino amakambirana bwino ndithu za mavuto a munthu amene sanamve mau ake, ndipo nkhope yake imasanduka chitsanzo cha phunziro. Muyeso wa zokambirana zoterezi usakhale kuchuluka kwa obwera kapena kukoma kwa zolankhula, koma ukhale funso ili: kodi mwini nkhope, kapena mbale wake, anapatsidwa mpando?

Tibwere ku maphunziro a pa ntchito. Nzeru yake njakale: mmisiri wa matabwa saphunzira kupala pomvera chabe, ayenera kugwira mpini. Wophunzira akapita ku nyuzipepala amadziŵa kusunga nthaŵi, kulemba maina molondola, ndi kuimirira pa malo oopsa osataya mutu. Izi sizipezeka m'kalasi. Koma ku nyuzipepala kulinso mphunzitsi wina wosaoneka, ndiye changu. Mkonzi amafuna chithunzi lero lomwe, ndipo chithunzi cha magazi chimafika msanga pa tsamba loyamba kuposa cha munthu wongokhala chete ndi umphaŵi wake. Mwana wa eni akhoza kubwerako atakhwima dzanja koma atauma mtima. Palinso za m'thumba: kulikonse kumene wophunzira salandira ngakhale ya basi, ana a osauka, amene nyumba zotere zinamangidwira, ndiwo amayamba kugwa m'njira.

Mankhwala a matendaŵa ali m'ntchito ya mwini wake Goldblatt. Iye sankathamangira pamene pakulira mfuti. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anakwera mabasi pamodzi ndi antchito a ku KwaNdebele, amene ankanyamuka tambala asanalire kupita ku Pretoria, ena nkumatha maola asanu ndi atatu pa tsiku ali pa ulendo. Zithunzi za anthu akuwodzera m'mipando, zimene zinatuluka m'buku mu 1989, zinaulula nkhanza za tsankho popanda dontho la magazi. Pansi pa zithunzi zake ankakonda kulemba malo, tsiku, ndipo kaŵirikaŵiri dzina la munthuyo ndi mbiri yake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wophunzira akabwerako ku nyuzipepala, nyumbayi iyenera kumkhazika pansi ndi kumfunsa, osati za kukongola kwa zithunzi zake zokha, komanso maina a anthu amene anawajambula, ndiponso ngati anabwerera kukawaonetsa.

Choncho maganizo athu ndi aŵa: Market Photo Workshop yachita chinthu chachikulu popereka kamera kwa amene kale ankangojambulidwa, ndipo bwalo lake nlofunika. Koma ntchito yotere siikwanira kufikira wojambulidwa atakhala ndi mau pa bwalolo.

Nkhaniyi siithera ku Johannesburg, makolo anzathu. Lero ana athu ambiri ali ndi kamera m'foni, ndipo ngozi ikachitika pa mseu zithunzi za ovulala zimafika pa WhatsApp uthenga wa maliro usanafike kwa anamfedwa. Anaŵa alibe mkonzi wowaletsa, ndipo bwalo lawo loyamba ndi pa khonde pathu. Madzulo ena mwana akakuonetsani chithunzi chotero, musangoti mayo nkumpatsanso foniyo. Mfunseni kuti munthuyo ndani, kwawo nkuti, ndipo ngati amai ake amva kale.